Yatsopano Pa Laputopu Yanga

Mzime wanga anabwera ndi mnyamata wina, mnzake, Loweruka masana, ine ndikusita. Mnyamatayo anzake amamutcha Katswiri. Ine chimene ndinaona ndi nsapato zake pa kapeti yanga.

Nkhani inali yoti awiriwa anapanga pulogalamu ya pakompyuta yosewera tchesi, ndiye Katswiri waikonzakonza payekha mpaka yatsopanoyo ikukwapula yakale. Basi, mwana wanga asiye ntchito Lolemba, atsegule kampani. Ntchito yoti anaisaka mpaka zidendene kung'aluka.

"Muone nokha, amayi," anatero Katswiri.

Anayala makina awiri patebulo lodyera. Pulogalamu yatsopano anaiika mu kompyuta yake yaikulu, yolira ngati chigayo. Yakale anaiika mu laputopu yanga, ija ndimaitsamiritsa ku botolo la shuga kuti isagwe chagada. Analumikiza waya, ziwirizo n'kuyamba kusewera zokha, kutha gemu iyi kuyamba ina.

Yatsopano inkangopambana. Koma Katswiri maso anali pa ine, osati pa sikirini. Munthu wokhulupirira katundu wake sayang'anitsitsa wogula choncho.

Za tchesi sindidziwa kanthu. Chimene ndimadziwa ndi mwana wanga, ndipo anali akudya chikhadabo.

"Iwe, lankhula. Chala chitha."

"Palibe, amayi. Kungoti ndinamuuza kuti tizisinthanitsa makina. Yatsopano isewereko pa laputopu, yakale pa yaikuluyo."

"Ndiye?"

"Akuti n'kutaya nthawi."

Katswiri anaseka. "Zonse zapatsidwa mphindi zofanana, amayi. Palibe kukondera."

"Ngati palibe kukondera, sinthani. Zovala zikadalipo, sindikupita kulikonse."

Apa mpamene Katswiri anakumbukira kuti batire la laputopu ndi lofooka. Kenako waya ndi waufupi. Kenako pali munthu akumudikira m'tauni. Ine ndinangokoka thabwa lositira n'kuliimika pakhomo, ndikupitiriza ndi malaya a amuna anga.

Mwana wanga anasinthanitsa makinawo yekha. Katswiri sanamuthandize, anaima manja m'thumba.

Pasanathe nthawi, yakale ija, itakhala pa kompyuta yaikulu, inayamba kukwapula yatsopano. Mmene inkakwapulidwira iyo poyamba, chimodzimodzi.

"Laputopuyi yatentha," anatero Katswiri.

"Muja sinali kutentha?" mwana wanga anamufunsa, mawu ali pansipansi. "Ndiuze chimodzi. Unayesapo kusintha uli wekha?"

Katswiri anayamba kukulunga waya. Anaukulunga bwino kwambiri, mosamala ngati ndi wagolide. Mpaka lero sindidziwa ngati ankadziwa kapena ankangoopa kudziwa. Ndinasuntha thabwa, anadutsa, kompyuta ili pamimba, osatsanzika.

Mwana wanga anayang'ana laputopu. Kenako anayamba kufukula mulu wa zovala.

"Amayi, bulauzi yanga ya kuntchito mwasita?"

"Ayini ndi iyo. Manja uli nawo."