Motobomba ya a Zacarias

"Vala zinthu zako zija, Hélio," anatero a Zacarias ali pakhomo. "Motobomba yopopera madzi ija yagwera m'damu."

Hélio sanadzuke msanga. Anali atangobwerera ku Tsangano kuchokera ku Tofo, kumene ankatsogolera alendo pansi pa nyanja kukaona makorali, matanthwe amoyo obisalamo nsomba zamawangamawanga. Hotela itatsekedwa, iye anangotsala ndi magalasi a m'madzi.

"Amalume, pansi pamafunika botija ya mpweya. Ija inali ya bwana."

"Zimenezo takonza kale."

Kudamu anazipeza zokonzedwazo: payipi yothirira mbewu, kumapeto kwake atamangirira pompa ya njinga ndi mphira. A Bernadete, akazi a amalumewo, anali atamanga kale chitenje m'chiuno.

"Iwe uluma uku, ine ndizipopa uku," anatero. "Mpweya ukachepa ugwedeze payipi."

"Azakhali, mukatero mundiika mawa lomwe."

"Nanga kunyanjako unkaphunzira chiyani? Kusamba?"

Amuna amene anabwera kudzakoka chingwe anaseka. Hélio anayang'ana kumunda. Kachewere anali atachita maluwa, koma masamba ake anali atalendewera ndi dzuwa. Akapanda kuthiriridwa sabata imeneyi, banja lonse likanadzakumba tinthu tonga nsawawa.

Anavula malaya, anamanga chingwe padzanja, anaisiya payipiyo, nakoka mpweya wake womwe n'kumira.

Ku Tofo ankamuona kamba akubwera ali kutali, akupalasa mosafulumira pamwamba pa makorali. Muno sankaona ngakhale zala zake. Anapapasa m'matope, anagwira chitsa, anatuluka. Anatsikanso, anagwira mphika wakale. Madzi ankazizira mpaka m'mano. Makutu atayamba kulira, phazi lake linagunda chitsulo. Anapeza chogwirira, namanga mfundo ija ankamangira boti.

Amuna anakoka, motobomba inatuluka ikutsanula matope. Onse anathamangira kwa iyo.

Hélio anakhala pansi akunjenjemera, misundu itakakamira m'miyendo. A Bernadete anagwada n'kuyamba kuithothola.

"Waona? Ntchito ilipo konkuno," anatero a Zacarias akupukuta makinawo ndi malaya a Hélio. "Ndawauza kale a Luís kuti mawa ufika. Chitsime chawo chameza ndowa za mudzi wonse. A Edite nawo akuti foni yawo inagweramo."

"Amalume, ine ntchito yanga inali yoonetsa anthu nsomba."

"Kuno nsomba timaziona pamsika, zouma."

Hélio anayang'ana magazi akutsikira kuchidendene. A Bernadete anathothola msundu womaliza.

"Chitsime cha a Luíscho," anafunsa, "n'chakuya bwanji?"