Kadontho Koyera pa Dzina la Feliya

Gomezgani ndiye anandiphunzitsa kusunga mafayilo, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndimuthokoze kapena ndimutukwane. Iye ankayang'anira makompyuta a bungwe lathu la alimi, ndipo ankabwera ku Kaluluma pa njinga yamoto kamodzi pamwezi, fumbi lili mbuu m'nsidze. Ine ndinali mlembi wa komiti. Chaka chimenecho ntchito yanga yaikulu inali kulemba mndandanda wa mabanja oti alandire makuponi a feteleza wotsika mtengo m'midzi khumi ndi iwiri.

Chaka cham'mbuyo zinthu zinavuta. Akufa anadzuka kudzalandira makuponi, amoyo nasowa pamndandanda, ndipo aliyense ankaloza chala mnzake. Mlembi wa nthawi imeneyo, a Lucious, anapezeka kuti analemba mlamu wawo wa ku Dowa. Anthu anawaswera mawindo ndi miyala, ndipo a Lucious anasamuka osatsanzika. Mpando umene anausiya ndi umene ndinakhalapo ine.

Gomezgani anati zoterozo sizidzachitikanso. Anandiikira pa laputopu pulogalamu yolembera, ndi ina yotchedwa Git yosunga mbiri ya fayilo.

"Mverani bwino, a Consolata," anatero. "Zimene mwalemba pasikirini ndi mawu apakamwa chabe. Mukaseva, mwalemba papepala. Mukakomita, mwadinda chala pamaso pa mboni. Makina asunga tsiku, ola, dzina lanu, ndipo akufunsani chifukwa chimene mwasinthira. Zimenezo sizifufutika yayi."

Anandipatsanso fulashi yoti ndizitumizamo zonse ndikangokomita, n'kuitsekera m'dirowa ya mu ofesi. Laputopu itabedwa kapena kupsa, mndandanda ukhalepo. Ndinaigwira ntchitoyo ngati mapemphero. Munthu akamwalira, ndinkachotsa dzina, kuseva, kukomita, n'kulemba kuti anamwalira tsiku lakuti. Banja likagawikana, chimodzimodzi. Ndinkanyada nazo, osanama. Amene ankabwera ndi mkwiyo ndinkangomutsegulira mbiri, iye n'kubwerera atazizira.

Pulogalamu yolemberayo inali ndi khalidwe lina limene ndinalikonda. Ukatseka laputopu usanaseve, kapena batire likatha monga linkachitira tsiku ndi tsiku, mawa lake unkapeza zonse zili pomwe unazisiya. Pamwamba, pafupi ndi dzina la fayilo, pankangooneka kadontho koyera kosonyeza kuti zimenezi sizinasevedwe. Gomezgani anandichenjeza kuti ndisamakadalire kadonthoko. Ine ndinamuyankha kuti ndinabadwa kale iye asanamere mano.

Feliya anabwera mu Sepitembala, dzuwa lili pamutu, mwana ali kumsana. Anali wa ku Phalombe. Iye ndi mwamuna wake Mphepo anali matenanti pa esiteti ina ya fodya kwa zaka zisanu ndi zinayi, mpaka chifuwa chinamutenga Mphepo fodya ali m'zigafa. Kapitawo anamuuza Feliya kuti asankhe mwezi usanathe, alembetse kulimanso fodya ndi ana ake kapena atuluke m'nyumba ya esiteti. Mayi Ezelina, amene ankapemphera naye limodzi, anamubwereka ekala imodzi ndi malo omangapo kanyumba. Koma nthaka ya kuno fodya anaiyamwa kalekale. Popanda feteleza chimanga chimangofika m'mawondo, n'kuyamba chikasu.

"Alembi, ndabwera mundilembe," anatero atagwada pakhomo. "Ndikapeza kuponi, ku esiteti sindibwererako. Ana angawa fodya wawatha, manja onse phula lokhalokha."

Ndinamuuza adzuke akhale pampando. Lamulo silinkaletsa. Mayi wamasiye wokhala ndi munda m'mudzi anali woyenera kuposa ambiri amene ndinawalemba kale, ena a iwo eni ngolo ndi ng'ombe. Koma ndinkadziwanso pakamwa pa anthu a kwathu. Mtenanti, ngakhale akhale zaka makumi awiri, amamutchabe wobwera. Ndinaganiza za mawindo a nyumba ya a Lucious. Ndinaganizanso za mbiri ija yosafufutika, imene idzanene poyera kuti Consolata, tsiku lakuti, ola lakuti, analowetsa mtenanti pamndandanda komiti isanavomere.

Ndiye ndinachita zochenjera, monga ndinkadzionera. Ndinalemba dzina lake pansi pa mudzi wa Mayi Ezelina, n'kumutembenuzira laputopu.

Feliya sankadziwa kuwerenga, koma dzina lake ankalizindikira. Analoza ndi chala osakhudza galasi.

"Ndi limeneli?"

"Ndi lomwelo."

"Ndiye kuti ndalowa?"

"Mwalowa," ndinatero.

Sindinaseve. Ndinati ndiyambe ndalankhula ndi a Nelson, wapampando wa komiti, akavomera ndidzaseve ndi kukomita n'kulemba kuti mwa chilolezo cha apampando. Zikadzavuta, miyala idzapite kwa iwo. Feliya anaomba m'manja katatu n'kutuluka. Sabata yomweyo anakabweza makiyi kwa kapitawo, nayamba kuumba zidina kwa Mayi Ezelina.

A Nelson ndi munthu woti ukamufunsa ngati kunja kwacha amayamba wayang'ana kumene ena akuyang'ana. Ulendo woyamba anati aganize. Wachiwiri anati mlendo ndi mame, mawa mupeza wapita ndi kuponi yathu. Wachitatu anati afunse anzawo. Masiku onsewo ndinkatsegula laputopu m'mawa, dzina la Feliya lili pomwepo, kadontho kali pamwamba. Midzi ina inali m'mafayilo ake, ndipo ndinkaikonza ndi kuikomita bwinobwino. Fayilo ya mudzi wa Mayi Ezelina yokha ndinkaidumpha. Masabata atatu anatha motero.

Kenako azakhali anga anamwalira ku Chulu. Kwathu maliro salola munthu kuti ayambe wamaliza ntchito. Ndinatseka laputopu Lachinayi m'mawa, kuitsekera m'kabati kunyumba, n'kukwera kabaza. Lachisanu kumanda ndinakumana ndi a Nelson, amene anabwera kudzapepesa. Kaya ndi nyimbo zija zinawafewetsa mtima, kaya ndi kuona dzenje, anandikokera pambali.

"Mayi uja wa ku Phalombe, mulembeni basi. Wamasiye ndi wamasiye."

Ndinapuma mpweya wautali. Ndinati Lolemba ndikangofika, chinthu choyamba ndi chimenecho. Mndandanda unkafunika kuboma Lachitatu, choncho nthawi inalipo.

Lolemba ndinafika mu ofesi n'kupeza dirowa yotsegula ndi kapepala ka Gomezgani. Akuluakulu anasintha tsiku, mindandanda yonse inafunika Loweruka. Anayesa foni yanga koma ku Chulu kunalibe netiweki. Mwamwayi, analemba motero, fulashi yanu ili ndi zonse, ndatengamo zomwe munakomita komaliza ndipo ndapereka. Pansi pake anawonjezera kuti ndine mlembi wosamala kuposa onse m'boma lino.

Ndinamuimbira nthawi yomweyo, ndipo anabwera madzulo ake. Ndinamuuza kuti dzina limodzi, la Feliya, latsala, makina alidumpha. Iye sanatsutse. Anatsegula mbiri n'kuyenda nayo mzere ndi mzere.

"Muno mulibe Feliya," anatero. Kenako anatsegula pulogalamu yolembera, ndipo dzina lija linatulukira, kadontho kali pamwamba. "Izi simunaseve."

"Ndinaiwala."

Anayang'ananso mbiri ija. Tsiku lililonse la masabata atatuwo linali ndi dzina langa, ndikukonza mudzi uno ndi uwo, osaphonya ngakhale limodzi.

"Masabata atatu, a Consolata?"

Ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti ndi mbava yolowa m'madirowa a eni ake, kuti munthu wamakhalidwe satenga chinthu mwini wake ali pamaliro. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera, kenako anavala chipewa chake. Mawa lake anapita yekha ku ofesi ya kuboma kukapempha, koma anamuuza kuti mayina atsekedwa ndipo makuponi abwera monga mwa mayinawo. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndinafuna kukondweretsa Feliya ndi kusunga mawindo anga, koma amene anavumbwa si ine.

Kumuuza Feliya ndinalephera. Kawiri ndinafika pafupi ndi kanyumba kake katsopano, ndikuona mizere atagalauza kale mpaka kumalire, ndipo kawiri konse ndinakhotera njira ina.

Tsiku logawa makuponi anthu anadzaza bwalo la sukulu kuyambira m'mamawa. Mayina ankaitanidwa mudzi ndi mudzi, ine nditakhala patebulo pambali pa woitanayo. Feliya anakhala kutsogolo, atavala chitenje chake cha kutchalitchi. Mudzi wa Mayi Ezelina utatha anadikirabe. Anadikira midzi yonse khumi ndi iwiri, poganiza kuti mwina anamuika kwina. Bwalo litayamba kuphwa anabwera patebulo.

"Alembi, kapena sindinamve bwino?"

Pakamwa panga panatuluka bodza lomwe lija. Ndinati makina.

Ndinkayembekeza kuti alira kapena kunditukwana, ndipo kunena zoona ndinkafuna atanditukwana. Iye anangogwedeza mutu.

"Inu munalemba, ndinaona ndi maso angawa. Musadandaule, alembi. Makinawo ndiye satidziwa."

Mayi Ezelina anamugawira mbale zingapo za feteleza wawo, zimene zinangokwana mizere ya kuseri kwa nyumba. Mvula inagwa bwino chaka chimenecho, ngati ikuchita dala. Pofika Januwale minda ya anzake inali bii, wa Feliya uli chikasu, chimanga chikumasula chili m'mawondo. Ganyu anasowa chifukwa aliyense ankamufuna. Mwana wa kumsana uja anayamba kutupa mapazi.

Kumapeto kwa mweziwo kunabwera lole ya esiteti ina yakutali, kufuna manja othyola fodya. Feliya analembetsa, iye ndi ana ake awiri aakulu amene anali atangoyamba kumene sukulu. Lole inaima pa sitolo moyang'anana ndi ofesi yathu, ndipo iye anatsika n'kuwoloka msewu, atanyamula kambale ka mtedza.

"Ndadzatsanzika. Landirani aka, munandivutikira."

Ndinakana, koma anakaika patebulo.

"Lilipobe dzina lija?" anafunsa.

Ndinatsegula laputopu. Linalipo, pamzere womwe uja. Miyezi inayi yonse sindinalimbe mtima kuliseva kapena kulifufuta. Feliya analiyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza pamwamba.

"Nanga kadontho aka n'kachiyani?"

Lole inaliza hutala. Ndikanatha kumuuza, mawu ake ndi ochepa.

"N'kosonyeza kuti dzina likudikira," ndinatero.

"Ndiye musalifufute. Mwina chaka chamawa makina adzavomera."

Anathamanga kukakwera. Ana ake anamukokera m'mwamba, ndipo lole inanyamuka kulowera kumpoto. Sindinamuonenso Feliya, ndipo palibe amene akudziwa dzina la esiteti imene anapita.

Ndinabwerera patebulo, mtedza uli pambali. Ndinaseva, kadontho kanazimirira. Sizinatenge ngakhale nthawi yophethira. Ndinakomita, ndipo makina anandifunsa funso lawo la masiku onse, chifukwa chimene ndasinthira fayilo. Ndinayamba kulemba kuti mwa chilolezo cha apampando, n'kufufuta. Ndinalemba kuti dzina linatsala mwangozi, n'kufufutanso. Pomaliza ndinalemba mawu amodzi okha, ndipo ali momwemo mpaka lero, pansi pa dzina langa ndi tsiku ndi ola, mu laputopu ndi mu fulashi ya m'dirowa.

Ndinalemba kuti, "Ndinaopa."