Chotupa Pansi pa Mpango

Ogulitsa masitiroberi pamsewu wokwera phiri la Zomba anali atadzipinda m'majuzi ndi chisanu cha Juni, koma Sumaya ankadzikupiza ndi chivindikiro cha mbale, thukuta lili kamukamu. Anzake ankamuseka kuti anameza mbaula.

Anali ataonda ngakhale ankadya ngati waganyu. Mtima unkathamanga, manja ankanjenjemera. Kuchipatala anamuyeza malungo, shuga, ndi kachilombo katatu konse, osapeza kanthu. Mwamuna wake, a Habibu, sanakhulupirire mapepalawo. Anasamutsira mphasa yawo pabalaza, nati mwezi ukatha amubweza kwawo.

Tsiku lina panaima a Judith, namwino wopuma amene anatha zaka makumi awiri kunja, n'kubwerera kudzapeza nkhalango ya ubwana wawo ili zitsa zokhazokha. Sanayang'ane zipatso. Anayang'ana dzanja lowapatsira.

"Mwanawe, chisanu chonsechi iwe thukuta? Tamasula mpangowo, tilipo akazi okhaokha."

Sumaya anazengereza. Mpango wokulunga mutu ndi khosi anali asanaumasulepo kuchipatala, pakuti omuyeza onse anali amuna, ndipo panalibe amene anamupempha. Koma tsikuli anaumasula. A Judith anamumwetsa madzi. Pomeza, kachotupa konga nthudza kanakwera n'kutsika pakhosi.

"Fisi ali m'khola, alenje ali kuthengo," anatero a Judith, akulemba kapepala kopempha kuti akamuyeze magazi a chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kotulutsa timadzi toyendetsa thupi, ndi kumujambula khosi.

Patapita masabata awiri, Sumaya ndi a Habibu anakhala pamaso pa dokotala. Iye anafotokoza kuti ubongo unaleka kale kulamula chithokomiro chifukwa timadzi take tinachuluka m'magazi, koma kachotupako kankapangabe tina pakokha, osamvera aliyense. Makina otsimikizira bwinobwino, mumzinda umene kale unali likulu la dziko, munalibe. Komabe magazi ndi chithunzi zinkaloza kumodzi, ndipo zotupa zotere kawirikawiri si khansa. Ayambe mankhwala, opaleshoni pambuyo.

A Habibu anafunsa chapansipansi ngati n'zopatsirana. Dokotala anati ayi.

Atafika kunyumba, a Habibu anapinda mphasa ija, naima nayo pakhomo la kuchipinda.

"Amake Farida, ndilowe?"

"Ibwezereni pabalaza pomwe inali, bambo. Pepala la leroli ndi lachinayi. Yambani mwawerenga atatu munawakana aja."

Anawapatsa kabuku kake ka kuchipatala, natseka chitseko mosamenyetsa.