Pepala Lachinayi m'Sutikesi ya Rozi

"Magazi a pakhomo pano ndi magazi, osati madzi otsukira mpunga!" anatero a Makisoni akudziguguda pachifuwa. "Ine zaka sikisite, malungo sanandigonekepo m'chipatala. Udzudzu wa ku Chilwa ukandiluma ine, ndi iwo umakafuna mankhwala."

Palibe amene anaseka, poti panali patangodutsa masiku anayi chiikire mlongo wawo Rozi. Mayiyo anagwa m'munda akudula mpunga, ndipo kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Lero linali tsiku logawa zovala zake ndi kusudzula mwamuna wake, Saulos.

Mwera unkawomba kuchokera kunyanja, ukusesa mungu pabwalo. A Makisoni anakanika kukhazikika. Akhale pampando, adzuke, akathamangitse nkhuku yosalakwa, abwerere. Munthuyu akafuna kunena zoipa amayamba walimbitsa miyendo.

Saulos anakhala pakhonde manja ali m'khosi. Makolo ake anali Alomwe ochokera ku Mozambiki, tsidya la nyanja, ndipo iye anakhala pachikamwini pano zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Njinga yake inali itatsamira mtengo wa mango, chikwama chitamangidwa kale ndi malegeni. A Makisoni ndiwo anamuuza dzulo lake kuti amangiretu. Ngati mwinimbumba, mawu awo ndiwo akanati Saulos atsale kulera mwana wake Pemphero ndi kulima munda wa Rozi, kapena akwere njinga.

"Mkamwini ndi tambala," anapitiriza motero. "Akamaliza kulira, anapiye ndi a mwini khola. Komatu tambala uyu watisiyira chitopa. Taonani mwanayu! Pemphero, tambasula dzanja."

Mtsikanayo, wa Fomu 1, anatambasula. Chikhatho chake chinali chotuwa. Chiyambire ukhanda wake ankatopa msanga, ndipo mapiritsi owonjezera magazi anamwa mpaka kutopa nawo, osasintha kanthu.

"Mwaona? Magazi a kutsidya amenewo. Mlongo wanga wafa n'kulimira anthu awiri opanda magazi."

Christina, mlongo wake wa Saulos, amagulitsa matemba pamsika wa Songani, ndipo pakamwa pake panazolowera kulimbana ndi makondakitala.

"A Makisoni, tatithandizani," anatero akukonza duku. "Mwanayu atakhoza mayeso a Sitandade 8 munazungulira Kachulu yense kuti mutu ndi wa kwanu. Lero magazi ndi a kwathu. Ndiye munagawana naye bwanji, mutu kwanu, thunthu kwathu?"

"Mayi, pano si pamsika."

"Ndaona. Pamsika munthu amanama pang'ono."

"Achemwali, chonde," anatero Saulos chapansipansi.

A Makisoni analamula kuti sutikesi ya malemu ituluke. Mwambo wake ngwakuti katundu amatsegulidwa dzuwa likuswa mtengo, mbali zonse ziwiri zikuona, chilichonse n'kuchikweza m'mwamba, kuti mawa wina asadzati chakuti chinabisidwa. Iwo anaulongosola mwambowo kawiri, ngakhale palibe anaufunsa.

Zinatuluka zitenje zisanu ndi chimodzi, bulauzi yoyera ya kutchalitchi, nsapato zimene Rozi ankazinyamula m'manja kuopa matope. Pansi penipeni panali jumbo, m'jumbomo envelopu.

"Alamu, zimenezo zisiyeni," anatero Saulos, kwa nthawi yoyamba atadzutsa mutu. "Ndi mapepala a kuchipatala chabe."

Maso a a Makisoni anawala ngati a mphaka woona usipa.

"Ehee! Mwamumva? Akuopa. Pemphero, ndiwe wasukulu. Werenga mokweza, amve ndi a kumanda omwe."

Mapepalawo anali ndi mbiri yake. Zaka zitatu zapitazo kunabwera anthu a kafukufuku pabwalo la sukulu, akuyeza magazi a mabanja ofuna. Aliyense woyezedwa ankalandira sopo. A Makisoni anali oyamba pamzere. Koma tsiku la zotsatira iwo anali pa bawo ku Kachulu, ndipo anatuma Rozi kuti akawamverere. Atabwerako anangowauza kuti zonse zili bwino.

"Ine ndinaliko ndi amayi," anayamba Pemphero. "Anatiuza kuti munthu amabadwa ndi timbewu tinayi topangira magazi, tiwiri tochokera kwa bambo, tiwiri kwa mayi. Ena kamodzi kamasowa, ena tiwiri. Dzina lake ndi alufa thalasemiya."

"Mwalimva dzinalo? Chipwitikizi chenicheni! Werenga."

"Saulos Mateyu. Kakusowa kamodzi."

A Makisoni anadumpha, n'kuzungulira mpando wawo ngati akuvina. "Ndinanena ine! Papepala! Boma lalemba!"

"Pemphero Saulos. Tikusowa tiwiri." Anayang'ana amalume ake. "Amalume, anati tiwirito sitinachokere mbali imodzi. Kamodzi n'kwa ababa, kenako..."

"Werenga zolembedwa, usatiphunzitse."

"Rozi Enoki. Kakusowa kamodzi."

Mphepo inanyamula chitenje chimodzi, mayi wina n'kuchiponda. A Makisoni anakanda m'mutu, koma munthu wozolowera bawo sasowa njomba.

"Anamupatsira! Zaka zonsezi mphasa imodzi, mumati zitha bwanji?"

"Sizipatsirana, amalume. N'zobadwa nazo. Anati zili m'mitundu yonse, Anyanja, Alomwe, Ayao, Atumbuka, kungoti kwina n'zochulukirapo, kwina n'zochepa. Ambiri sadziwa n'komwe. Anatinso ena zimawathandiza kuti malungo asawagwetse kwambiri."

"Ooo," anatero Christina, akuwayang'ana a Makisoni kuyambira kumapazi. "Malungo asawagwetse. Ndani paja amati sanagonepo m'chipatala?"

Pemphero anali atayamba kubwezera mapepala mu envelopu, mofulumira kwambiri. A Makisoni, amene maso awo saona msampha koma amaona chala chobisa njere, anamugwira mkono.

"Anali anayi. Wawerenga atatu."

"Linalo n'losafunika, amalume."

"Alamu," anatero Saulos ataimirira. "Ine ndikwera njinga. Ndipita lero lomwe, osadandaula. Koma pepala limenelo libwerere m'sutikesi."

Apa munthu wanzeru akanaima. Koma a Makisoni anaona ngati agwira mbava ndi thumba.

"Munthu kulolera kusiya mwana chifukwa cha pepala? Muli chiyani m'menemo, matenda ena? Mwambo ndanena kale: chilichonse m'mwamba! Werenga, iwe!"

Pemphero anayang'ana bambo ake. Anayang'ana njinga ija pansi pa mango. Kenako anatambasula pepalalo, limene linapindidwa kanayi, dzina lili mkati.

"Makisoni Enoki." Anapuma. "Tikusowa tiwiri."

Christina sanaseke. Anangokweza chala chimodzi n'kuloza mchimwene wake, kenako zala ziwiri n'kuloza a Makisoni, ngati akutchula mtengo wa mulu wa matemba.

"Alakwitsa," anatero a Makisoni. Mawu anatuluka opyapyala. "Anasokoneza mabotolo. Rozi anandiuza yekha kuti zili bwino."

"Kuseri kuli zolemba," anatero Pemphero. "Ndi dzanja la amayi."

Zinali za pensulo, zilembo zikuluzikulu zopendama, za munthu amene sukulu anailekera Sitandade 4. Mtsikanayo anawerenga pang'onopang'ono, ndipo pakati pake mawu anamuthawa, n'kuyambiranso.

"Achimwene asauzidwe. Mphamvu zawo zili pakamwa. Tikawalanda ayendera chiyani?"

Mayi wina kumbuyo anafuna kuseka, koma chinatuluka ndi chisisimo.

A Makisoni anatembenukira kwa Saulos. "Inu mumadziwa?"

"Rozi anandilumbiritsa, alamu."

"Zaka zitatu? Ine ndikukunenani pamaliro, paukwati, padoko..."

"Ankati mukanyoza ine ndiye kuti mwadzuka bwino."

Apa a Makisoni anakhala pansi, ndipo ulendo uno sanadzukenso. Anatambasula dzanja lawo pabondo n'kuliyang'ana nthawi yaitali, ngati ndi la munthu wina. Pemphero anabwera n'kuika lake pambali pake. Zikhatho ziwirizo zinali ngati zochokera m'chikombole chimodzi.

A Makisoni anakweza maso kumwamba. Unali mwezi wa Juni, thambo lili mbee kuyambira kuphiri la Zomba mpaka kuchilumba cha Chisi.

"Alamu," anatero atatsokomola, "njingayo ilowe m'nyumba. Kukubwera mvula."

Saulos anayang'ana kumwambako. Asanapite kukamasula malegeni anatenga pepala lija m'manja mwa mwana wake. Analipinda kanayi potsata mizere yakale, dzina lili mkati, n'kulibwezera pansi penipeni pa sutikesi, pamene Rozi analisiya.