Kachidole Kotsimphina

Maliro asanathe n'komwe, nkhani inali itafika kale pampopi: akuti a Wamfupi safuna kupita okha, asiya atakonza zotenga mnzawo.

Paja a Wamfupi ndi a Wamtali ndi aja ankapanga limodzi masewera a pathabwa, ogulitsa m'mabokosi aja. A Wamfupi ankasema tizidole, a Wamtali ankapeka malamulo. Kenako anakangana, aliyense n'kuyamba zake. Masewera a Wamtaliwo anali okoma koma tizidole take tapulasitiki, tonyansa. Masewera a Wamfupiwo okongola zedi, koma osatha, mumangosewera mpaka wina akwiye. Zaka zonsezo anthu awiriwa osapatsana ngakhale moni.

Ndiye taganizani. Mkazi wa malemu atalowa m'shedi momwe amuna awo ankasemera, anapeza fumbi paliponse kupatula patebulo. Pamenepo panali masewera oyalidwa bwinobwino, mipando iwiri, ndipo pakati pa thabwa pataima kachidole kakatali, kadazi, mwendo umodzi waufupi. A Wamtali enieni! Komatu anthu sanaiwale kuti a Wamfupi anasemapo kofanana ndi telala wa pakona, ndipo telalayo sanakhalitse.

Mawa lake mchemwali wa malemu anatulukira ndi botolo la parafini.

"Alamu, tiwotche izi anthu asanayambe kutiloza zala."

"Ndi manja a achimwene anu amenewa," anatero amasiyewo, ataima pakhomo la shedi.

"Manja? Muziti msampha. Munthu uja akagwa mawa, mudzayankha ndinu."

Akadali mkati mokangana, kunamveka ndodo panjira, go, go, go. A Wamtali, omwe ngakhale kumanda sanaoneke, anafika mpaka pakhomo, chipewa m'manja.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Ndamva kuti ndili muno, ndiye ndati ndidzadzione."

Palibe anaseka. Amasiye anawapatsa njira.

"Musakhudze kanthu, bambo," anatero mchemwali uja. "Ife sitikufuna maliro ena."

A Wamtali anazungulira tebulo pang'onopang'ono, akupuma ngati akwera phiri.

"Awa ndi aja tinasiya pakati tsiku lomwe tinakangana," anatero. "Sanasunthe ngakhale kamodzi."

Anawerama n'kukayang'anitsitsa kachidole kaja, nkhope yawo n'kusintha.

"Koma aka kanali ndi tsitsi. Miyendo inali yofanana, nthawi imeneyo ndinali ndisanagwe panjinga. Ngakhale chipsera chapachibwanochi n'cha chaka chatha chomwechi." Anatembenukira kwa amasiye. "Mayi, munthuyu ankandionera kuti?"

"Pazenera ilo. Mukadutsa popita kumsika, ankasiya chilichonse, kenako ndimangomva kampeni kakupala."

Mchemwali uja anagwira pakamwa. "Mwamva? Ankamulondalonda!"

A Wamtali anali akuyang'ana kachitsekerero ka botolo la chakumwa, kadzimbiri, komwe kanali m'mphepete mwa tebulo, mbali ya mpando wopanda khushoni.

"Tinali ndi lamulo lathu," anatero motsitsa mawu. "Ukasuntha, umakankhira aka kwa mnzako, ndipo sudzuka mpaka iye asunthe. Tsiku lija anandikankhira, ine n'kumenyetsa chitseko."

"Ankakapukuta m'mawa uliwonse," anatero amasiye, "n'kukabwezera pomwepo."

Mphepo inakankha chitseko cha shedi, chinalira. Mpando wa malemu unali wokokedwa pang'ono, ngati mwini wake wangopita kukamwa madzi. Mchemwali anatsegula botolo, fungo la parafini n'kudzaza m'shedi monse.

"Bambo, tulukani. Mukakagwira, musadzati sitinanene."

A Wamtali anatsamiritsa ndodo kukhoma, n'kukhala pampando wawo uja wopanda khushoni. Anatambasula dzanja mpaka linaima pamwamba pa kadazi ka kachidole.

Kupampopi mpaka lero akukanganabe, ena akuti malemu uja ankangosowa mnzake, ena akuti ankamuitana. Kaya. Koma inuyo, mnzanu atakudikirani chonchi mpaka kulowa m'manda, mukanasuntha?