Vidiyo ya Maliro a Bambo Ezequiel

Nilza anayamba kujambula mavidiyo chifukwa cha anthu a ku Domwe amene ali ku Joni ndi ku Beira, anthu opukwa kwawo mpaka kusirira matope. Ankawaonetsa msika, mvula yoyamba, matumba a kachewere akukwezedwa pa malole. Kenaka anayamba kumutuma kumaliro. Wachibale akamwalira iwo ali kutali, ankamupempha kuti ajambule mwambo wonse n'kuuika pa kanale yake ya pa intaneti, kuti nawonso alire nawo. Pangano linali lapakamwa koma lodziwika kwa aliyense: banja likameta, vidiyo ichotsedwe, poti maliro atha.

Ya bambo Ezequiel ndiyo inamuvuta. Malemuwo anali katswiri wa ngoma, ndipo anzawo anawavinira ndi zishango mpaka fumbi koboo. Vidiyoyo inawanda, inaonedwa ku Malawi, ku Zambia, ndi anthu osadziwa n'komwe kuti Domwe ili kuti. Banja linameta, koma chala cha Nilza chinalemera. Ankati achotsa mawa, mawa lakelo osafika. Tisamunene kwambiri, munthu anali atavutika zaka ndi zaka ndi telefoni yosweka galasi.

Ndiye kunatulukira Hilário, mnzake wa ku sekundariya ya ku Ulongwe, atavala nsapato zosongoka zosadziwa matope. Ankagwira ntchito ku empureza ina, kampani ya ku Maputo yosonkhanitsa makanale ambiri pansi pa ulamuliro umodzi. Analonjeza kamera yeniyeni, anthu omupezera otsatsa malonda, ndi ena olondola akuba mavidiyo. Nilza anazifuna zimenezi ndi mtima wonse, mpaka malovu kudzadza m'kamwa. Hilário sanabise mawu: akalowa, mavidiyo onse, akale ndi atsopano, akhala m'manja mwa empureza, ndipo sadzachotsa iliyonse popanda chilolezo chawo.

Nilza anafunsa za mavidiyo a maliro.

"Mana Nilza, mlongo wanga, ya ngoma ija ndiyo yandibweretsa kuno," anatero Hilário. "Ukaichotsa, mabwana sakufunanso."

Anamulangiza kuti akalankhule ndi mkazi wa malemu Ezequiel, awauze kuti nawonso azidyako pang'ono. Nilza anaona ngati ndi nzeru. M'mawa mwake ananyamuka, mawu atawakonza bwino m'mutu, atatsimikiza kuti abwerako atawagonjetsa.

Mayi Gracinda, mkazi wa malemuwo, anawapeza kuseri kwa nyumba akusankha mbewu ya kachewere, yowola uku, yabwino uku. Analonjerana. Nilza asanayambe nkhani yake, kuseri kwa mpanda kunamveka mayi akulira mokweza, akuitana dzina la Ezequiel. Nilza anadzidzimuka, kuyesa kwagwanso zovuta. Kenaka anamva ana akukanganirana telefoni, ndipo anazindikira kuti ndi vidiyo yake.

Mayi Gracinda sanadzutse mutu, manja anangopitiriza ntchito.

"Ndine amene ndikulirayo," anatero. "Anawa amakonda pa ngoma paja, koma kuti afikepo amayamba adutsa pa ine. Ndinameta, mwana wanga, tsitsi lamera ili. Koma kuseri kwa mpandako ndikulirabe tsiku ndi tsiku."

Sanamudzudzule, sanamupemphe kanthu. Nilza anachita manyazi oopsa, ndipo mawu onse aja anawameza. Za kudyako pang'ono akanaziyamba bwanji?

Anatulutsa telefoni n'kumuimbira Hilário pomwepo. Anamuuza kuti ngati mabwana akufuna msika, mvula ndi kachewere, abwere akambirane, koma maliro ali ndi eni ake. Hilário anati kumeneko n'kudzitsekera mwayi, mwayi wotere subwera kawiri ku Domwe. Nilza anayankha kuti akudziwa bwino chimene akutaya, ndipo kamerayo imupweteka mtima kwa nthawi yaitali. Anadula, natsegula kanale, nafufuza vidiyoyo kupyola mng'alu wa galasi. Telefoni inamufunsa ngati watsimikiza. Anavomera.

Kuseri kwa mpanda kulira kunapitirira pang'ono, kenaka kunadukira pakati pa dzina. Mwana wina anadandaula kuti telefoni yafa, mnzake n'kumati waiwononga ndi iyeyo.

Apo mpamene manja a mayi Gracinda anaima, mbatata ili m'dzanja. Anatchera khutu ku mpanda, nadikira nthawi ndithu. Kunalibe wolira.