Khasu la Delfina

Chaka cha 1978 khasu linali losowa ku Majaua. M'masitolo munali fumbi lokhalokha, ndipo la Januária linali litaperepeseka mpaka kutsala ngati chikhatho. Ndiye mlangizi wa zaulimi atalengeza pamsonkhano kuti okumba milambala yotchinga madzi adzalandira khasu latsopano ndi nsalu ya kapulana, mayiyo anangomwetulira. Munda wake wa m'mbali mwa phiri unali ndi milambala kuyambira kalekale, nandolo atandandalika pamwamba pake.

Munda wa mng'ono wake Delfina, wogundana nawo malire, unali zigwembe zokhazokha.

"Achemwali, ndithandizeni, ine poyambira sindikupadziwa," anatero Delfina.

Januária anapita. Masabata atatu anakumba ndi kuunjika miyala m'zigwembe, mwini munda akupumapuma, ati msana.

Mlangizi uja anabwera panjinga. Kwa Delfina anayendera munda wonse akuyamikira. Kwa Januária anangoima m'malire.

"Kamarada mnzathu, kuno kulibe chokonza. Mphatso ndi ya amene apulumutsa nthaka chaka chino."

"Nanga ife amene sitinaitaye n'komwe?"

Bamboyo anaseka n'kukwera njinga yake.

Lamulungu lotsatira Delfina analowa m'tchalitchi atavala kapulana wofiira wa mphatso ija, akununkhirabe utsopano. Amayi anzake ankamugwiragwira m'mphepete mwa nsalu. Januária sanaimbe nyimbo ngakhale imodzi. Kumsonkhano anamuimiritsanso Delfinayo kuti aphunzitse anthu kakumbidwe ka milambala. Analankhula mawu omwe aja a mkulu wake, koma dzina sanatchule.

Mvula yoyamba itagwa yamphamvu, Januária anathamangira kumalire asanaone n'komwe munda wake. Mtima unkafuna kupeza mlambala umodzi wa Delfina utagumuka, madzi atakokolola chimanga, kuti mlangizi adzaone yekha. Anapeza yonse ili nji, madzi atadekha kumbuyo kwake. Nanga ikanagumuka bwanji, poti anaikumba ndi iye? Zimenezi n'zimene zinamuwawa koposa.

Anatsikira kunyumba kwa mng'ono wake matope ali m'miyendo.

"Iwe Delfina, ndibwereke khasu lako lija."

Delfina analitulutsa n'kulipereka ndi manja awiri, maso ali pansi. "Achemwali, kapulana uja ndi wamkulu. Titha kudulana pakati."

"Ine ndabwerera khasu."

Januária analimira khasulo dzinja lonse. Linkalowa m'nthaka mosavuta, koma nthawi zina akalikweza ankaona ngati anthu odutsa m'njira akulizindikira, ndiye ankatembenuka kuwapatsa msana. Sanalibweze, ndipo Delfina sanaliitanitse. Mng'onoyo anapalira munda wake ndi kakhasu kobwereka kwa apongozi ake.

Atakolola, Delfina anasenza nyemba kupita kumsika wa ku Muloza kukasinthanitsa ndi khasu lina. Podutsa pakhomo pa mkulu wake anapereka moni. Januária anayankha ali m'nyumba, kenako anatuluka n'kumuthandiza kukonza nkhata, chifukwa mtolo unali utapendekeka.